Pini Wachinayi

M'shopu ya aTelala munali lamulo limodzi lokha, ndipo ngakhale iwo anachita kulipeza. Mapini ankakhala makumi anayi m'kachitini kabuluu. M'mawa makumi anayi, poweruka makumi anayi. Akaperewera ndi mmodzi yekha, chitseko sichinkatsekedwa. Ankakoka maginito omangidwa kuchingwe pansi ponse, kunsi kwa makina, kuseri kwa tebulo lodulirapo nsalu, mpaka wosowayo atapezeka.

Lamuloli anasiya ndi bambo awo, amene analinso telala m'chipinda chomwecho. Banja lawo lili ndi matenda akumtundu, a mitsempha ya m'miyendo ndi m'manja. Amayamba mwaulemu. Munthu amangopunthwa pamalo osalala, akatumba amaphwa, phazi limayamba kulendewera ngati lilime la nsapato, kenako mapazi amachita dzanzi losatha. Zala zam'manja zimatsatira pambuyo. Matendawa sapha munthu, komanso sachoka.

Bambo awo aja anayenda masiku atatu ndi pini m'chidendene osadziwa. Anazindikira ndi akazi awo ataona magazi pa shiti. Bala linatukusira. Analowa m'chipatala ndi miyendo yawo, potuluka anachita kunyamulidwa, ndipo kuyambira pamenepo kunali kunyamulidwa basi: kupita kubafa, kupita pakhonde, kukwera galimoto. ATelala, ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankagwira mwendo umodzi, achimwene awo mwendo winawo. Akawakhazika pampando m'shopu, bambowo ankangoti, "Mapazi athu sanena kanthu. Ndiye muziwerenga."

Tsopano aTelala anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankavala mapulasitiki ochirikiza akakolo, oyambira kunsi kwa bondo mpaka pansi pa phazi, omata ndi malamba. Achimwene awo, amene ankayenda ndi ndodo ziwiri ndipo ankagulitsa mabatani ndi mazipi pakhonde la shopuyo, ankawatchula mapulasitikiwo kuti magambuti. Dzinalo linakhazikika, moti ngakhale adokotala a mafizo ankafunsa za magambuti.

Adokotala omwewo ndi amene anati aziyenda, kuti minofu yotsalayo isagone. ATelala sankadziwa kuchita chinthu mwatheka. Anayamba ndi kuzungulira mzere wa mashopu asanatsegule, kenako kukafika pamlatho, kenako kuoloka mlathowo. Patatha zaka zitatu analembetsa mpikisano wothamanga makilomita makumi awiri ndi imodzi. Kunena kuti ankathamanga ndi kuwakomera mtima. Achimwene awo ankati amaoneka ngati bakha amene wachedwa kumsonkhano. ATelala ankayankha kuti bakhayo amafika ndithu, pamene ena amangokhala pakhonde kuwerenga mabatani.

Pepala la malamulo analiwerenga kawiri ndi magalasi. Mpikisano uyamba sikisi koloko m'mawa, utha teni koloko. Kumbuyo kwa onse kumabwera minibasi yotola otsalira, imene othamanga amaitchula kuti Tsache. ATelala anali atayesa mtunda wonsewo kawiri, ndipo ankamaliza kutatsala mphindi khumi. Za mendulo analibe nazo ntchito. Chimene sankafuna ndi Tsache. Chopondera cha minibasi n'chachitali, ndipo munthu wa magambuti atatopa sangakwere yekha. Pamafunika anthu awiri, wina mwendo uwu, wina mwendo uwo.

Panalinso mwana wawo wamkazi, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene ankasita zovala m'shopumo. Nsapato yake yakumanzere inali itayamba kuperepeseka kumphuno. Mayi ake, aTelalawo, anaiona, amalume ake anaiona, iyenso ankadziwa kuti aiona. Panalibe amene anatsegula pakamwa. Mtsikanayo ankati zowerenga mapini n'zachikale, ndipo ikafika nthawi yoweruka ankapeza chochita panja.

Nambala yovala pachifuwa ankapereka m'mawa wa tsiku lomwelo, pamodzi ndi mapini otseka aja a matewera. ATelala ankadziwa kuti zala zawo zinasiya kalekale kutsegula mapini amenewo. Mtsikana uja anati apita nawo koyambira kuti akawamangire, koma iwo anati asawachititse manyazi ngati mwana wa sukulu ya mkaka, iye atenge amalume ake akadikire patebulo la madzi la pa kilomita ya khumi ndi chisanu misewu isanatsekedwe. Madzulo oti mawa ndi mpikisano, aTelala anatenga mapini anayi owongoka m'kachitini, amitu yachikasu, n'kunena mokweza kuti lero atsala makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi, anayiwo ali ndi iwo.

M'mawa, pakati pa chigulu cha anthu onunkhira mafuta opaka minofu, analowetsa mapiniwo m'makona anayi a nambala, kulowa, kutuluka, kulowanso, monga ankachitira pa mpendero wa diresi. Anawerama n'kulimbitsa malamba a magambuti. Wezulo inalira.

Achinyamata anazimiririka nthawi yomweyo, ndipo msewu unatsala wa anthu a msinkhu wawo. ATelala anali ndi kayendedwe kawo. Popeza mapazi sankawauza za pansi, maso ndiwo ankagwira ntchitoyo, kuyang'ana masitepe atatu kutsogolo, kuona dzenje, kamwala, chivundikiro cha ngalande. Masitepe zana othamanga, makumi asanu oyenda. Bondo m'mwamba, phazi phwa, bondo m'mwamba, phazi phwa. Anadutsa bekale imene inali itangotulutsa buledi, anadutsa pomwetsera mafuta pomwe antchito anawaombera m'manja ndi ulesi, anaoloka mlatho wawo uja, n'kuyamba chitunda chachitali cha pakati pa nyumba zosungira katundu. Kunja kunali kozizira bwino. Mtima unali m'malo.

Atangodutsa chikwangwani cha kilomita ya khumi ndi chitatu, anamva kanthu kakuwamenya pamimba, phe, phe, phe. Kona yam'munsi ya nambala inali ikuuluka. Anapapasa osaima. Mmodzi, awiri, atatu.

Anapapasanso. Atatu.

Anayamba kudziuza zanzeru. Makilomita khumi ndi atatu ndi msewu wautali, pini akhoza kugwera pena paliponse, ndipo mwina panopa ali m'tayala la munthu wina. Koma kukamwa kwa gambuti kumakhala koyasamula ngati kapu, ndipo kuli kunsi kwenikweni kwa nambala. Anayesa kumvetsera mapazi awo. Mapaziwo anali chete, monga analili dzulo ndi dzana. Anayang'ana wotchi: anali patsogolo pa Tsache ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Kuvula ndi kuvala magambuti onse awiri ndi zala zawozo kunkatenga mphindi khumi pa tsiku labwino.

Anathamanga masitepe ena zana. Anayenda makumi asanu. Kenako anaona benchi ya pokwerera basi, n'kukhala pansi. Sikunali kulimba mtima kapena nzeru ayi. Munthu amene wakoka maginito zaka makumi atatu sangayende ndi mapini atatu.

Anayamba ndi kumanja: nsapato, malamba, gambuti, sokosi. Anakutumula chilichonse. Munalibe kanthu. Kumanzere sokosi inakakamira ndi thukuta, ndipo inawadyera nthawi. Itavuka, anaona kadontho kofiirira chakuchidendene, kochepa ngati mbewu ya tomato. Kunyumba ankaona pansi pa mapazi ndi galasi loika pansi, madzulo alionse. Pano panalibe galasi, bondo linali litauma, ndipo nsonga za zala zawo zinali zogontha ngati phazi lomwelo.

Apo ndi pomwe Tsache inafika, ikuthwanimitsa magetsi, n'kuima kumbuyo kwa benchi. Munali anyamata atatu amene anayamba ndi liwiro la akatswiri, tsopano atatambalala pamipando. Dalaivala anali bambo wamimba, wa chipewa chansalu.

"Mayi, mwayesetsa. Kwerani, muli madzi ozizira."

"Za kukwerazo dikirani kaye, bambo. Bwerani mundionere pansi pa phazi ili."

Dalaivala anati iye si dokotala. ATelala anati sakufuna dokotala, akufuna munthu wa maso awiri, ndipo aone ngati pali kamutu kachikasu. Bamboyo anatsika, anakoka thalauza m'maondo, n'kunjuta. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimba kamluzu kotsika.

Pini anali atalowa chopingasa m'mbali mwa chidendene, pansi pa khungu lolimba, kungotsala mutu. ATelala anafunsa ngati walunjika m'kati kapena wagona. Dalaivala anati wagona, akuoneka ndithu pansi pa khungu ngati ulusi wakuda. Iwo anati ndiye zili bwino, amuzule. Iye anati magazi amamuchititsa chizungulire, ngakhale nkhuku kunyumba amapha ndi akazi ake. Iwo anati atseke diso limodzi.

Anazula. Anyamata aja anali atasuzumira pawindo, ndipo mmodzi anadzigwira chidendene chake.

"Sizikupweteka, mayi?" anafunsa dalaivala.

"Zikanapweteka bwenzi ndikukuvutitsani?"

ATelala anamulandira piniyo n'kumuyang'anitsitsa. Anali wopindika pang'ono koma wathunthu, nsonga ilipo. Dalaivala anatulutsa kabokosi ka mankhwala, anatsuka pabalapo ndi sipiriti, anamata pulasitala, ndipo popeza anali atanjuta kale, anawaveka sokosi ndi magambuti momwe iwo ankamuuzira. ATelala anazula mapini atatu otsala pa nambala. M'kabokosimo munali mapini otseka, ndipo anamulola bamboyo kuti awamangire nambalayo, akuyang'ana kumbali. Anayi awo aja anawabaya pamlomo wa chipewa chake n'kumuuza kuti awasunge, akawatenga komalizira, ndipo ndi anayi.

Dalaivala anati komalizira akafika limodzi, chifukwa lamulo likuti amene wapezedwa ndi Tsache akwere.

"Silikutero," anatero aTelala. "Likuti amene wapitiriridwa. Inu mwandipeza. Simunandipitirire. Onani pomwe mwaimika galimoto yanu."

Bamboyo anatulutsa pepala m'thumba la malaya, anatsata mzerewo ndi chala, milomo ikugwedera. Anayang'ana minibasi, anayang'ana benchi. Anyamata aja anayamba kuseka, wina n'kunena kuti akanadziwa bwenzi nayenso atawerenga. Dalaivala anapinda pepala lake. Anati iye za milandu sadziwa, chimene akudziwa n'chakuti teni koloko ayenera kukhala atalowa m'bwalo lomalizira mpikisano, ndipo mphindi zimene wataya apa azibweza mumsewu. Akawapitirira, pasakhale zokambirana. ATelala anati zimenezo n'zachilungamo.

Panatsala makilomita asanu ndi atatu, ndi ola limodzi ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Liwiro limenelo anali asanayendepo ngakhale ali osatopa. Anasintha mawerengedwe: zana limodzi ndi makumi awiri othamanga, makumi anayi oyenda. Injini inkang'ung'udza kumbuyo kwawo, osati pafupi kwambiri, osatinso patali.

Patebulo la madzi anthu anali atayamba kale kusonkhanitsa makapu. Achimwene awo anali pampando wopinda, ndodo zili pamiyendo, ndipo ataona minibasi kumbuyo kwa mlongo wawo anafunsa ngati tsopano akuyenda ndi operekeza ngati nduna. ATelala anakhala pa kreti, anatambasula mwendo wakumanzere, n'kuuza mwana wawo kuti avule, ayang'ane pulasitala, aveke, ndipo ali ndi mphindi ziwiri.

Mtsikanayo anafuna kufunsa, koma ataona nambala yomangidwa ndi mapini otseka, anangogwada. Zala zake zinali zidakali zachangu. Pulasitala anali woyera, kupatula kadontho kamodzi pakati. Anakanikiza m'mbali mwake ndi chala chachikulu, akuyang'ana nkhope ya mayi ake, ndipo nkhopeyo sinasinthe. Anali asanaonepo mapaziwo pafupi chotero. Kunyumba, mayi ake akatulutsa galasi, iye ankapita kukhitchini.

"Sakutuluka magazi, amayi."

"Veka."

Atadzuka, mtsikanayo anayamba kuyenda pambali pawo, chikwama chili kumsana, osafunsa chilolezo. Achimwene aja anaimitsa Tsache ndi ndodo n'kunena kuti iwo ndi achibale a wothamanga, ndipo kunyamulidwa sakana. Anyamata awiri anatsika n'kuwakweza, wina mwendo uwu, wina mwendo uwo, iwo akulamula kuti asamale thalauza. Anakhala kutsogolo, natsegula windo, ndipo kuyambira pamenepo msewu wonse unkamva malangizo awo. Ankati bakha akweze mapiko. Ankauza dalaivala kuti asawope, akamugunda pang'ono ndi bampala amathamanga bwino, anayesapo ali ana.

Makilomita otsalawo analibe nkhani. Dzuwa linakwera. Apolisi anayamba kutsegula misewu ya m'mbali, ndipo magalimoto ankadikira ndi mahutala. Ntchafu za aTelala zinayamba kunjenjemera, chifukwa ndizo zinkanyamula ntchito yonse imene akatumba anaisiya. Mawerengedwe anasokonekera kawiri, ndipo anayambiranso pa wani. Nthawi ina mthunzi wa minibasi unafika pamapazi awo n'kukhala pomwepo mpaka pakona.

Pambali pawo ankamva masitepe a mwana wawo. Lakumanja linali bwino. Lakumanzere linkati phwa. Pa kilomita ya khumi ndi chisanu ndi chinayi mphuno ya nsapato ija inakoka phula, mtsikanayo anadzandira, n'kudzigwira asanagwe. Anayang'ana kumbuyo ngati pali mwala. Panalibe mwala.

ATelala sanatembenuke. Mpweya unali wochepa, ndiye anaugawa bwino.

"Kweza bondo. Phazi usalidalire. Maso masitepe atatu kutsogolo."

Mtsikanayo anakweza bondo. Patapita kanthawi, kulira kwa phazi lake kunasintha.

Pamene ankalowa pachipata cha bwalo, anthu anali atakwera kale makwerero kuti atsitse chinsalu cha pomalizira. Munthu wa chimkuzamawu anali akukulunga waya. Wina anawaona n'kuuza anzake kuti adikire. ATelala anaponda mzere woyera ndi phazi lakumanzere, anapita masitepe ena atatu kuti pasakhale mkangano, n'kugwira mpanda. Tsache inaima kumbuyo kwa mzerewo, bampala itatsala pang'ono kuukhudza. Dalaivala anati wotchi yake ikuti teni koloko ndendende. Wotchi yaikulu ya pabwalo anali ataizimitsa kale, ndiye panalibe woitsutsa.

Mamendulo anali atatha. Mtsikana wa patebulo anapepesa kwambiri, anati alembe nambala ya foni. ATelala anati asavutike, awapatse nthochi ndi mpando. Atapuma, anaitana dalaivala n'kutambasula dzanja. Bamboyo anavula chipewa, ndipo iwo anazula okha, akuwerenga mokweza mpaka anayi. Iye anati chaka chamawa adzabwera ndi magalasi ndi loya. Achimwene anakana kutsika mpaka atalonjezedwa kuti awasiya pokwerera basi.

Masana aTelala anadutsira kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwawo, kumene namwino anatsukanso balalo, anawabaya jakisoni, n'kuwalamula kuti masiku asanu asaponde msewu. ATelala anati atatu. Anagwirizana anayi.

Shopu inali yotseka tsiku limenelo, koma anaitsegula ndithu, chifukwa mapini sagona m'chikwama. Anakhala pampando wa makina, mwendo uli pa sitovu yakale imene ankaikapo zidutswa za nsalu. Dzuwa la madzulo linkalowa pakhomo. Anawongola pini wopindika uja ndi kapulayala, n'kuika onse anayi patebulo. Asanatambasule dzanja, mwana wawo anali atatenga kale kachitini. Anakhuthulira mapini pa nsalu yakuda n'kuyamba kuwakankha awiriawiri ndi chikhadabo, monga ankaonera kuyambira ali wamng'ono.

"Makumi anayi," anatero.

"Tseka bwino chivundikirocho, chimavuta."

Mtsikanayo anatseka. Kenako anapita kuseri kwa chitseko, kumene kunkakhala kagalasi kamene makasitomala ankaonera kumbuyo kwa madiresi awo. Anakaika pansi, anakhala pa benchi, n'kuyamba kumasula nsapato yakumanzere. Anafunsa kuti kodi amayang'ana chiyani kwenikweni.

ATelala anamuuza kuti asendeze galasilo kufupi ndi khomo, kumene kuli kuwala, ndipo ayambe ndi pakati pa zala.